Mchombo wa Mdzukulu Wanga ndi Msewu wa ku Holande

Anthu a kuno ku Zingalume amandidziwa kuti mtima wanga ndi wapachala, ndipo ine sindikana. Koma ndikawauza kuti chinthu chimene ndadana nacho kwambiri pa moyo wanga ndi msewu wa ku Holande, amaseka n'kunena kuti, "Mayi inu, anthu onse ali m'mudzi munowa akukucheperani, mpaka mukayambane ndi msewu wa eni?" Aseke. Ine nkhani imeneyi sindiseka nayo.

Kuti mundimvetse ndiyambire kutali pang'ono. Ine ndinabadwira ku Mozambiki, tsidya lija la malire. Tinathawa nkhondo ndili kamtsikana, amayi atasenza mtolo, ine nditabereka mlongo wanga, n'kudzakhazikika kuno. Mtendere utabwera, ine nditakwatiwa kale, amayi anati tipite tikaone bwinja lathu. Tinayenda pansi. Titafika tinapeza tchire lokhalokha. Njira zinali zitafa, mitengo itamera mpaka pamene panali mabwalo. Amayi anazungulira, anazungulira, akufuna mtengo wa mpoza umene unali kuseri kwa nyumba yathu. Kenaka anakhala pansi n'kutambasula miyendo.

"Mwanawe," anatero, "mchombo wako ndinaukwirira kunokuno. Koma penipeni pake sindikupadziwanso."

Mawu amenewo anandilowa m'mafupa. Kuno mukakangana ndi munthu za malire a munda, pakamwa pake sipachedwa kutuluka mawu akuti, "Obwera inu." Iye amaloza pamene pali mchombo wake, nanga ine ndiloze pati? N'chifukwa chake michombo ya ana anga onse ndinaikwirira ndekha patsinde pa mtengo wa mango uli kuseri kwa nyumba ino, ndipo aliyense atakula ndinamugwira dzanja n'kukamuonetsa. Ndinalumbira kuti aliyense wotuluka mwa ine adzakhala ndi poloza.

Mwana wanga wotsiriza, wamkazi, anaphunzira unamwino. Anadziwana ndi mzungu wina amene anabwera kudzakumba mijigo m'dera lathu, anakwatirana, n'kupita naye kwawo ku Holande. Achibale a malemu amuna anga, amene ndi a mpingo wa Adatchi kuyambira makolo awo, ankandinyodola kuti, "Mwatukuka mlamu, mwana wanu wakakwatiwa kwa eni tchalitchi." Atatenga pakati poyamba anaimba foni kuti, "Amayi, bwerani mudzandigwire." Sindinalimbelimbe. Ndinasiyira mng'ono wanga mbuzi ndi nkhuku, anandikweza pa njinga mpaka ku boma, kenaka minibasi, kenaka basi yaikulu mpaka ku Lusaka, kenaka ndege.

Mavuto anayambira pa bwalo la ndege la kumeneko. Galu anabwera kudzanunkhiza chikwama changa, ndipo anthu ovala yunifolomu ananditsegulitsa. Nyama yofutsa imene ndinamutengera mwana wanga anailanda n'kuiponya m'bini ine ndikuona. Ndinawalalatira m'Chichewa, iwo akungomwetulira. Potuluka, akamwini anga, munthu wamtali ngati mlongoti, anathamanga atatambasula manja kuti andikumbatire. Kukumbatira apongozi! Ndinabwerera m'mbuyo n'kuwomba m'manja, iwo n'kungoima manja ali m'malere. Ndi munthu wabwino, ameneyo sindimunena, koma tsiku limenelo anandichititsa manyazi.

Nyumba yawo inali kumapeto kwa tauni, mu mzere wa nyumba zofanana, zogundana makoma. Kuseri kunali kabwalo kakang'ono, konse kowaka ndi matailosi, kopanda ngakhale dothi lodzaza chikhatho. Ukatuluka pa mpanda umapeza kanjira ka njinga, kenaka ngalande ya madzi yokhala ndi kamlatho, kenaka mitengo ikuluikulu. Kuseri kwa mitengoyo kunali chimtumbira cha mchenga, chotambalala pamwamba, chowongoka ngati mzere wa m'munda, chopita kutali kosaoneka mapeto. Chonse chinali chitamera udzu ndi zitsamba, ndipo anthu ankayendetsapo agalu awo. Chakumanzere, patali, kunkamveka mkokomo wa magalimoto tsiku lonse.

Mwana anabadwa wamwamuna, nthawi imene mitengo ya kumeneko imayoyola masamba ndipo kuzizira kumayamba kuluma. Ine ndinali nditakonzeka kuti chikuta ndi changa: kumusambitsa, kuthowa mayi wake ndi madzi otentha, kuphika phala. Ayi ndithu. Kumeneko masiku oyambirira kumabwera namwino pakhomo m'mawa uliwonse kudzachita zonsezo. Anali mayi waukhondo, wachangu, wansangala, koma dzanja lake linali la m'bini. Thonje m'bini, nsalu m'bini, chilichonse chochoka pathupi pa mwana m'bini. Ine ndinkangokhala pampando ngati mlendo, maso ali pa kamchombo kaja, kamene anakapana ndi kapulasitiki ndipo kanali kuuma n'kumada. Ndinkayang'ananso mwana wanga. Ankacheza ndi namwinoyo m'chiyankhulo cha kumeneko, akuseka, akuvomera chilichonse. Mumtima ndinati, uyu anasanduka, zakumudzi anazitaya kalekale. Ndikamuuza za mchombo andiyankha za majeremusi.

Mulungu anandikomera mtima, unagwera m'manja mwanga. Masana ena ndikumusintha thewera, namwino atapita, mayi wake ali mtulo, kanangothothoka. Ndinakawakha msanga kasanakhudze pamene sikayenera kukhudza, ndinakakulunga m'kansalu n'kumanga pa mfundo ya chitenje changa. Namwino atafunsa m'mawa mwake, ine ndinangotambasula manja ngati wosamva. Mwana wanga anangondiyang'ana pang'ono.

Mwina mukuti, bwanji osangousunga n'kubwera nawo kumudzi? Ndinaganiza zimenezo, musandiyese chitsiru. Koma amayi anandiphunzitsa kuti mchombo suchedwa m'nyumba, umafuna dothi msanga, ndipo ine ndinali ndi miyezi yoti ndikhalebe kumeneko. Chinanso, galu uja. Ndinkachita kumuona akununkhiza chitenje changa, anthu a yunifolomu akumasula mfundo, mchombo wa mdzukulu wanga ukugwera m'bini mmene munagwera nyama yanga. Ndinati ayi, mwanayu wabadwira kuno, mchombo wake ulowe m'dothi la kuno, pamalo abwino oti adzaloze akadzakula.

Tsono ndinayamba kuyendera mitengo ija. Ndinkati ndikukawongola miyendo, nditavala majuzi awiri ndi jekete la akamwini lofika m'mawondo. Mitengo ya m'mbali mwa ngalande inali chabe, koma ya kufupi ndi chimtumbira inali itamangidwa kansalu kofiira ka pulasitiki m'chiuno, uliwonse kakekake. Nditaona zimenezo mtima wanga unakhala pansi. Kwathu kuno munthu akapeza chulu cha inswa, kapena udzu wabwino wofolera, amamanga mfundo ya udzu kuti odutsa adziwe kuti pali mwini. Ukaona kansalu kofiira pa mtengo wa m'munda, ngakhale ife opemphera timalambalala, poti mwini wake watsirika. Chomangidwa sichikhudzidwa, zimenezo ndi mwana yemwe amazidziwa. Ndinati, ehe, azungu nawonso amadziwa kuteteza mitengo yawo.

Ndinasiya yopanda nsalu ija n'kusankha waukulu pa yomangidwayo, wamakungwa okhakhala, woti anthu awiri sangauzungulire n'kugwirana manja. Ndinakumba ndi supuni yaikulu ya kukhitchini pakati pa mizu iwiri, mpaka mkono unalowa kulekeza m'chigongono. Ndinauikamo mchombo uja, ndinapemphera, ndinakwirira n'kuwazapo masamba. Pobwerera ndinkaimba nyimbo ya kutchalitchi, zala zitachita dzanzi ndi kuzizira. Masiku otsatira ndinkapitako kukangoima, ndikuganiza za tsiku limene mwanayo adzakhale wamkulu woti ndimugwire dzanja n'kudzamuonetsa. Sindinauze munthu.

Lamulungu lina kunabwera asebele anga, bambo wa akamwini, kudzaona mdzukulu. Anali nkhalamba yoonda, yoferedwa ngati ine, ya manja a mlimi. Titadya anati tikapitidwe mphepo, ndipo tinakwera pa chimtumbira chija, mwana ali m'kangolo kake. Iwo ankayankhula, mwana wanga akundimasulira.

Anati chimtumbiracho ndi msewu. Ndinafunsa kuti, msewu wa mbuzi? Anati ayi, ndi msewu waukulu wolumikiza mizinda iwiri, wa magalimoto okhaokha, wosalola njinga kapena woyenda pansi. Mbali yoyamba, ija ya mkokomo, inamangidwa iwo ali mnyamata, ndipo inadula munda wa bambo awo pakati. Ng'ombe zinkagona mbali ino msipu uli mbali inayo, mpaka bambo awo anatopa n'kugulitsa zonse. Kenaka omanga anathira mchenga uwu kuti dothi lofewa la kumeneko likhazikike, msewu upitirire. Apo m'pamene mkangano unabuka. Alimi anakana. Okonda mbalame anakana, ati dambo limenelo ndi loikiramo mazira. A m'tauni anadandaula za phokoso ndi utsi. Ena anati ukhotere kum'mawa, a kum'mawa n'kuti ubwerere kwanu komweko. Anapita kukhoti, anabwerako, anapitanso. Boma likasintha, nkhani inkayambira poyamba. Mchenga unamera udzu, asebele anakwatira, anabereka, anamera imvi, msewu uli chigonere.

"Koma tsopano agwirizana," anatero kudzera mwa mwana wanga. "Saukwezanso pamwamba. Achotsa mchengawu n'kukumba chidzenje chachitali, kuti msewu udutse m'munsi, a m'nyumba asamauone. Madzi a ngalande iyo azidzawoloka pamwamba pa magalimoto, pa mlatho wawowawo." Anawonjeza kuti padzakhala timipata ta achule ndi akanungu kuti asamapondedwe, komanso kuti ntchito imadikira mbalame zithe kaye kuswa.

Ine ndinagwira pakamwa kuti ndisaseke pamaso pa asebele. Madzi pamwamba, magalimoto pansi, achule ndi njira yawo! Ndinauza mwana wanga kuti, "Uwauze kuti nkhani zoterezi ifenso tili nazo." Kwathu msewu timalonjezedwa chisankho chilichonse. Amabwera anthu, amakhoma zikhomo, nthawi zina katapila amapalako pang'ono, kenaka zii, mpaka zikhomozo chiswe chadya. Amuna anga anafera pa ngolo nthawi ya dzinja, ng'ombe zitatitimira m'matope tisanafike kuchipatala. Kuyambira pamenepo msewu ndinkaupempherera ngati mvula, ndipo sunabwere. Tsono munthu andiuze kuti msewu umene wagona kuyambira iye ali mnyamata udzuka mawa? Ndinati uwu ndi wakufa ngati yathu yomwe. Sindinafunse kuti chidzenjecho chidzatambalala kufika pati. Za nsalu zofiira sindinafunsenso. Ndifunsirenji chinthu chimene ndikuchidziwa?

Patapita milungu ingapo ndinagwidwa ndi chimfine cha kumeneko, chija chothyola mafupa. Anandigoneka m'chipinda cha mbali ya kumaso, kutali ndi mwana kuti ndisamupatsire. Mazenera awo ndi a magalasi ophatikiza, salowetsa phokoso. Ndinkamvabe kulira kwinakwake ngati kwa njinga zamoto, ndiponso nthawi zina pansi pankachita ngati pagwedezeka, koma ndinkati ndi mutu wangawu. Nditapezako bwino ndinadzuka m'mawa wina, ndinapita kuchipinda cha kuseri kukatenga juzi, n'kusuzumira pa zenera.

Mayo ine! Kumwamba kunali poyera pamene panali mitengo. Makatapila achikasu anali balala pa chimtumbira. Mitengo ya m'mbali mwa ngalande, yopanda nsalu ija, inali chiimire. Yomangidwa yonse panalibe.

Ndinatuluka ndi patapata, wopanda jekete. Ndinawoloka kamlatho n'kupeza mpanda wa waya, ndipo bambo wina wovala zowala anandiimitsa ndi dzanja. Ndinagwedeza wayayo. Ndinamutukwana iye, ndinatukwana katapila, msewu, achule awo, dziko lawo lonse lopanda ndi phiri lomwe. "Munamangiranji nsalu ngati mumafuna kudula? Ndinu anthu anji inu, omanga chinthu kuti muchiphe?" Iye sanamve ndi liwu limodzi lomwe. Anangoima, maso ali tong'o.

Mwana wanga anafika akuthamanga, khanda atalibisa m'kati mwa jekete lake.

"Amayi, mwatani? Mukufuna chibayo? Tiyeni kunyumba."

"Sindichoka. Mchombo wa mwanayo uli umo."

Anandiyang'ana ngati sanamve. "Uli kuti?"

"Patsinde pa mtengo waukulu uja. Ndinachita kusankha womangidwa nsalu, wotetezedwa."

"Amayi, nsaluzo amamanga pa mitengo yoti idulidwe."

Ndinayembekeza kuti andikalipira za majeremusi, kapena za manyazi amene ndamuchititsa pamaso pa azungu, ndipo mayankho ndinali nditakonza kale. Koma sanandikalipire.

"Ine ndimati uli m'chikwama mwanu," anatero. "Ndinaona tsiku lija kuti mwautenga, mtima wanga n'kukhala pansi. Ndimati mukaukwirira kumudzi, pa mango paja, pafupi ndi wanga. Ndi bambo ake omwe ndinawauza kale, ndipo anavomera. Bwanji simunandifunse, amayi?"

"Nanga iwe bwanji sunandiuze?"

"Zimenezi amanena? Si inu munatiphunzitsa kuti za mchombo sayankhula mokweza?"

Mwana amene ndinkamuyesa wosanduka ankafuna mango a kwathu, ndipo ine ndi amene ndinapereka mchombo wa mwana wake kwa katapila. Tinaima pa waya paja tonse awiri tikulira, khanda nalo n'kuyambapo.

Akamwini anachoka kuntchito, asebele nawo anabwera, ndipo anakayankhula ndi kapitawo wa pamenepo. Sindidziwa kuti anamuuza chiyani, koma munthuyo anavula chipewa n'kukanda m'mutu, ndipo nthawi ya nkhomaliro makina atazima anatitsegulira. Anativeka zipewa zolimba ndi majombo. Sindingamunamizire, anali ndi umunthu. Koma tikafune pati? Zitsa zinali zitazulidwa kale n'kuunjikidwa poteropo, mizu ili m'mwamba. Dothi lakuda lapamwamba linali litapalidwa, lina litatengedwa pa malole, lina litasakanizika ndi mchenga. Ndinayambira pa kamlatho, ndinayenda mmene ndinkayendera, ndinakhota pamene ndinkakhotera, n'kunena kuti ndi pano. Tinakumba ndi fosholo, kenaka ndi manja. Ndinati ayi, ndi apo. Tinakumbanso. Akamwini anga, amene ndinkathawa kuwagwira ndi dzanja lomwe, anagwada m'matope pafupi nane akufufuza dothi ndi zala. Tinapeza mizu, miyala, ndi kapulasitiki kena kamene sikanali kake.

Ndinazungulira, ndinazungulira. Kenaka ndinangopezeka ndakhala pansi, miyendo nditatambasula m'matope, ndipo ndinamva pakamwa panga pakutuluka mawu a amayi anga: kunokuno, koma penipeni pake sindikupadziwanso.

Asebele anaima pambali, chipewa chili m'manja. Analoza kumene kunkachokera mkokomo n'kunena mawu ochepa. Mwana wanga anamasulira akupukuta misozi. Ati khitchini ya amayi awo ili pansi pa msewu wakale uja, ndipo akamadutsapo pa galimoto amadziwa ndithu kuti ndi pano. Ankafuna kunditonthoza, nkhalamba ya Mulungu. Ine sindinatonthozeke, khitchini si mchombo. Kapitawo anayang'ana wotchi, tinatuluka, makina n'kuyambanso kulira.

Miyezi yotsalayo ndinaikhala pa zenera la kuseri. Ndinkati ndisayang'ane, koma miyendo inkandipititsa yokha. Ndinaona chimtumbira chikutha lole ndi lole. Ndinaona akukhoma zitsulo zazitali m'nthaka mpaka makapu ankalira m'kabati. Chidzenje chinkadzaza madzi, iwo akupopa, chikudzaza, akupopa, osatopa. Mvula igwe, chisanu chigwe, anthu aja anali pantchito. Ndinakwiya ndi khama lawolo. Moyo wanga wonse ndinkalira anthu omanga msewu osathawa, ndipo nditawapeza ndinkalakalaka athawe ngati a kwathu, kuti udzu umerenso ndikafunefune bwinobwino. Walira mvula walira matope, akulu sananame.

Ine ndi mwana wanga sitinayambanenso za nkhaniyo, koma sitinaichezenso. Ankandipatsa khanda, ndinkalisambitsa, ndipo ndikafika pamimba, pa kadzenje kaja katapola bwinobwino, ndinkatembenuza nkhope. Tsiku lobwerera, pa bwalo la ndege, akamwini sanatambasulenso manja. Anawerama pang'ono n'kuwomba m'manja monga timachitira kuno. M'chikwama mwanga munali majuzi, nsapato ndi sopo. Galu sanandinunkhize n'komwe.

Kuno nditafotokozera mng'ono wanga, anangoti, "Achemwali, safunsa anadya phula." Sindinamuyankhule mpaka tinakolola mtedza. Mkulu wa mpingo wina anandiuza kuti zimenezi ndi zakale, mwana ali m'manja mwa Mulungu, osati m'manja mwa dothi. Ndikudziwa, Baibulo ndimawerenga. Koma iye mchombo wake uli kuseri kwa nyumba ya amake, ndipo palibe anamutchulapo wobwera. Wokhuta sadziwa kuti mnzake ali ndi njala. Chaka chatha kunabweranso anthu okhoma zikhomo m'mbali mwa njira yathu ya ku boma. Amayi anzanga analulutira. Ine ndinawatsatira anthuwo chikhomo ndi chikhomo, ndikufunsa kuti ichi chikutanthauza chiyani, nanga utoto uwu ndi woti chiyani, nanga mango awo muwatani. Anandiyesa wamisala.

Msewu wa ku Holande uja unatha, anautsegula. Zonse zimene ananena asebele zinachitikadi: makoma a simenti mbali zonse, magalimoto m'munsi, madzi akuwoloka pamwamba. Ati achule nawo akudutsa bwino, zikomo kwambiri. Mdzukulu wanga tsopano akuyankhula, Chichewa chake n'chophatikiza ndi cha kumeneko, koma "agogo" amatchula bwino. Mayi wake amadutsa naye pa msewu umenewo m'mawa uliwonse. Anandiuza pa foni kuti akangodutsa pansi pa mlatho wa madzi uja amamuuza kuti, "Pano ndi pako, mchombo wako uli pano." Sadziwa penipeni pake, koma amanenabe.

Tsiku lina anandiimbira foni ya kanema ali m'galimoto, akamwini akuyendetsa. Ine ndinali nditakhala pansi pa mango, pamene netiweki imagwira bwino.

"Amayi, tayang'anani, tikufika," anatero, n'kutembenuzira foni kutsogolo.

Ndinaona khoma lotuwa likuthamanga, magalimoto kumanja ndi kumanzere, mdima wa pansi pa mlatho, kenaka kuwala.

"Taimani!" ndinakuwa. "Auze aime, ndione bwino. Mumutsitse mwanayo, aponde ndi phazi lake."

"Amayi, pano saima. N'zoletsedwa. Palibe ndi poimika pomwe."

"Ngakhale pang'ono pokha?"

"Ngakhale pang'ono, amayi."

Pamene ankamaliza kunena anali atapitirira kale. Anatembenuzira foni kumpando wa kumbuyo kuti ndimuone mwanayo. Anali atapotoloka m'malamba ake, akukuwa kuti, "Agogo, kwathu! Kwathu!" kachala kakuloza kumbuyo.